Nkhukundembo Yodwala

Nkhukundembo ndi imodzi mwa mbalame zikuluzikulu zimene anthu amaweta pakhomo. Yaimuna ikafuna kudzionetsa imatambasula nthenga za kumchira ngati lichero, nkumakoka mapiko ake pansi uku ikulira mokweza. Mbalame imeneyi sidachokere mu Africa. Kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo amene adayamba kuiweta ndi anthu akale a ku Mexico. M'zaka za m'ma 1500 anthu a ku Spain adaitengera ku Ulaya, ndipo kuchokera kumeneko idafalikira m'maiko ambiri mpaka idafika ku Malawi.

Thadzi la nkhukundembo limafungatira mazira masiku 28, pamene nkhuku imafungatira masiku 21 okha. Ngakhale kuti mbalameyi ikakula imakhala yamphamvu, anapiye ake ndi ofooka kwambiri. Sapirira kuzizira, sapirira kunyowa, ndipo matenda ena amene nkhuku sizivutika nawo amapha anapiye a nkhukundembo m'masiku owerengeka. Nkhani ili m'munsiyi ikusimba za matenda otere.

M'mudzi wina wa m'boma la Dedza mudali mtsikana wa m'Sitandade 5 amene ankakhala ndi agogo ake aakazi. Pakhomo pawo padali nkhuku khumi ndi ziwiri, ndiponso thadzi limodzi la nkhukundembo limene amalume ake a mtsikanayo adawapatsa. M'mwezi wa Novembala thadzilo lidaswa anapiye asanu ndi awiri. Agogo adakondwa kwambiri, pakuti adaganiza kuti anapiyewo akadzakula adzagulitsako ena kuti apeze ndalama za feteleza ndi za yunifolomu ya mdzukulu wawo. Pakhomopo padalibe chinthu china chogulitsa.

Ntchito yosamala ziwetozo idali ya mtsikanayo. M'mawa uliwonse asanapite ku sukulu ankatsekula khola, kuthira madeya pansi ndi kudzaza madzi m'phale. Nkhuku ndi nkhukundembo zinkagona m'khola limodzi, kudya pamodzi ndi kupalasa pabwalo limodzi.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale mvula idagwa usiku wonse. Kutacha mtsikanayo adatsekula khola ndipo mbalame zonse zidatuluka mothamanga, koma mwanapiye mmodzi wa nkhukundembo adatsalira. Adangoima pakona ali ndwii, maso atatsinzina, mutu atabweza m'mapewa. Mapiko ake adali lende ndipo nthenga zidali zonyankhalala. Mtsikanayo adamthirira madeya pafupi, koma iye sadajompheko. Pansi pamene adaimapo padali zitosi zamadzimadzi zachikasu.

"Agogo, tabwerani mudzaone," adaitana mtsikanayo. "Mwanapiye uyu sali bwino."

Agogo adafika nasuzumira m'kholamo. "Mwina wangozizidwa ndi mvula ya usikuyi, mdzukulu wanga," iwo adatero. "Dzuwa likatuluka adzuka."

Amalume ake, amene ankadutsa ndi khasu paphewa, nawonso adaima. "Amayi, mwanapiye wa nkhukundembo akayamba kutere sachira," iwo adati. "Ndi bwino kumupha asanafe yekha kuti tipezepo ndiwo."

Koma mtsikanayo adakumbukira zimene adaphunzira pa phunziro la Ulimi, kuti chiweto chodwala sichidyedwa, ndi kuti chinthu choyamba ndicho kuchipatula kwa zinzake. Adapempha agogo ake kuti amlole kuyesa kumsamala mwanapiyeyo, ndipo agogo adavomera.

Kuseri kwa nyumba kudali kanyumba kosungiramo makasu, kamene sikankadontha. Mtsikanayo adasesamo bwino, nayala thumba lakale pansi ndi kumwazapo udzu wouma. Adathira madzi ofunda m'botolo, nalikulunga ndi kansalu ndi kuliika pambali pa mwanapiyeyo kuti azimva kutentha, popeza ku Dedza kumazizira ngakhale m'dzinja. Kenaka adavundikira mwanapiyeyo ndi dengu lalikulu lamipata, kuti mpweya uzilowa koma galu kapena mphaka asamfikire.

Mbalame yotsekula m'mimba imataya madzi ambiri m'thupi, motero madzi akumwa ndi ofunika kwa iyo kuposa chakudya. Mtsikanayo adathira madzi oyera m'kambale kosazama ndi kusungunulamo shuga pang'ono. Sadamtsanulire madziwo kukamwa, chifukwa madzi otsanulira angathe kulowa m'njira ya mpweya ndi kutsamwitsa mbalame. Iye ankangoviika nsonga ya mlomo m'madzimo, nkudikira kuti mwanapiyeyo ameze yekha. Adaphikanso dzira, nalinyenya ndi kulisakaniza ndi phala la mgaiwa ndi masamba a bonongwe oduladula. Atatha zonsezi adasamba m'manja ndi sopo napita ku sukulu.

Pobwerako masana adapeza agogo ake atagwira timakapisozi timene tidawatsalira pamene ankadwala chifuwa. Ankafuna kutsanulira ufa wake m'madzi a mwanapiye uja.

Mtsikanayo adagwada nati, "Pepani agogo, bwanji tiyambe tafunsa alangizi a ziweto? Matendawa sitikuwadziwa. Paja inu nomwe mumandiuza kuti safunsa adadya phula."

Agogo adaseka. "Lero mwambi wanga womwe wanditembenukira," iwo adatero, nabweza mankhwalawo m'chikwama. Madzulo omwewo amalume adaimbira foni alangizi, ndipo alangiziwo adalonjeza kuti afika m'mawa mwake.

Kutacha mtsikanayo adathamangira ku kanyumba kaja. Atavundukula dengu adapeza mwanapiyeyo atauma. Misozi ili m'maso adapita kukatsekula khola, ndipo m'menemo adapeza mwanapiye wachiwiri ataima ndwii monga adachitira woyamba uja. Adamtenga namgoneka pa udzu watsopano pansi pa dengu lina.

Alangizi adafika pa njinga dzuwa litakwera pang'ono. Atalonjerana ndi agogo adayamba kufunsa mafunso. Adafuna kudziwa msinkhu wa anapiyewo, malo amene amagona, chakudya chimene amadya, ndiponso ngati padali nkhuku imene idafa. Mtsikanayo adayankha zonse mosadodoma, chifukwa ankaziona mbalamezo tsiku ndi tsiku. Adanena kuti anapiyewo adali ndi masabata asanu ndi atatu, kuti nkhuku zonse zidali bwino, ndi kuti zidalandira katemera wa chitopa mu Novembala.

Tsono alangizi adavala magolovesi natumbula mwanapiye wakufa uja. "Tasenderani pafupi, agogo, ndipo iwenso mwana bwera udzaone," iwo adatero. Pa chiwindi padali mawanga ozungulira ngati tindalama tachitsulo, olowa m'kati pang'ono. Chakumapeto kwa matumbo kuli timatumba tiwiri titalititali, ndipo timatumba timeneto tidali totupa, todzaza ndi zinthu zolimba zoyerera.

"Iyi ndi nthenda ya chiwindi ndi matumbo imene m'Chingerezi imatchedwa blackhead, kutanthauza mutu wakuda," adalongosola alangiziwo. "Dzinalo lisakusokonezeni, pakuti mbalame zambiri zodwala nthendayi mutu wake suda konse. Zizindikiro zodalirika ndi zitosi zachikasu zimene mwanayu adaona, pamodzi ndi mawanga awa a pachiwindi."

"Nanga nthendayi yachokera kuti, alangizi?" adafunsa agogo. "Pakhomo pano sipadabwere mbalame yachilendo."

"Yachokera kwa nkhuku zanu zomwezi," adayankha alangizi.

Agogo adadabwa, pakuti nkhukuzo zidali zonenepa ndi zanthenga zosalala. Alangizi adamwetulira nati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Ndipo adalongosola m'mene nthendayi imayendera.

Chimene chimayambitsa nthendayi ndi kachilombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene katswiri wa ku America dzina lake Theobald Smith adakafotokoza m'chaka cha 1895. Kachilomboka pakokha sikakhalitsa kunja kwa thupi la mbalame. Koma m'matumbo a nkhuku zambiri mumakhala tinjoka tating'ono, ndipo kachilombo kaja kamabisala m'mazira a tinjoka timeneti. Mazirawo amatuluka ndi zitosi nagwera m'dothi, m'mene angathe kukhala amoyo zaka ziwiri kapena zitatu. Nyongolotsi za m'nthaka zimameza mazirawo pamodzi ndi dothi. M'dzinja nyongolotsi zimatuluka zambiri, ndipo anapiye a nkhukundembo amazitola mokondwa. Kawirikawiri nkhuku zimasunga kachilomboka popanda kuoneka zodwala, koma m'thupi la nkhukundembo kamawononga matumbo ndi chiwindi. Nkhukundembo zimathanso kupatsirana zokhazokha zikamagona pa zitosi zatsopano za inzawo yodwala.

"Kodi pali mankhwala ake?" adafunsa mtsikanayo.

"Ndikuuza zoona, mwana wanga," adatero alangizi. "Nthendayi ilibe katemera, ndipo mankhwala amene ankaichiza kale adaletsedwa m'maiko ambiri, chifukwa otsalira ake m'nyama angathe kuvulaza anthu odya nyamayo. Makapisozi a chifuwa sakadathandiza kanthu. Mbalame zambiri zodwala nthendayi zimafa, komabe zina zimachira zikasamalidwa bwino. Zimene wachitazi upitirize: malo ouma ndi ofunda, madzi oyera, chakudya chofewa. Koma ntchito yaikulu koposa ndiyo kupulumutsa anapiye asanu amene sadadwalewa."

Alangizi adawauza kuti asamutse thadzi ndi anapiye ake tsiku lomwelo, kupita nawo pamalo ouma pamene nkhuku sizifikapo. Adati khola latsopano likhale lam'mwamba, lokhala ndi mipata pansi kuti zitosi zizigwa, ndipo lizingidwe ndi mpanda. Nkhukundembo zikhale ndi ziwiya zawozawo zodyera ndi zomwera, ndipo chakudya chisamathiridwe padothi. Adapereka mankhwala opha njoka za m'mimba, nalongosola muyeso wake ndi masiku oyenera kudikira munthu asanadye nyama kapena mazira a mbalame zomwa mankhwalawo. Adalangizanso mtsikanayo kuti aziyamba kudyetsa mbalame zabwinobwino ndi kutsirizira yodwala, kuti asanyamule matenda m'manja ndi kumapazi.

"Musadzadabwe wina akadwalanso," adachenjeza alangiziwo. "Zizindikiro zimaoneka patapita masiku 7 mpaka 12 kuchokera pamene kachilombo kalowa m'thupi. Mwina ena mwa anapiyewa adakatenga kale."

Asananyamuke adawaphunzitsa kusiyanitsa nthendayi ndi matenda ena. Chitopa chimagwira nkhuku zambiri nthawi imodzi. Zimapuma movutika, zimachita zitosi zobiriwira, ndipo zina zimapindika khosi. Chitopa chilibe mankhwala, koma chili ndi katemera wa I-2 amene amadonthezedwa dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Nthomba imaoneka ndi nkhanambo pakhungu la kumutu, ndipo udzudzu umathandiza kuifalitsa. Koma mbalame zambiri zikafa mwadzidzidzi pa tsiku limodzi kapena awiri, ana asazikhudze konse. Akuluakulu akanene msanga kwa alangizi, chifukwa mwina chingakhale chimfine cha mbalame, chimene nthawi zina chimagwiranso anthu.

Mwanapiye wakufa uja adamkwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kuti agalu asamfukule. Udzu ndi thumba zimene adagonapo adazitentha. Masana omwewo amalume adadula nsungwi ndi mitengo, ndipo pofika madzulo khola latsopano lidali litaima kumtunda kwa nyumba.

Masiku otsatira adali ovuta kwa mtsikanayo. Ankadzuka mbandakucha kukasintha udzu wa mwanapiye wodwala ndi kuthira madzi ena ofunda m'botolo. Akakhala ku sukulu, agogo ndiwo ankamviika mlomo m'madzi. Masiku atatu oyamba mwanapiyeyo ankangomwa madzi okha, ndipo adaonda mpaka fupa la pachifuwa lidatuluka. Pa tsiku lachinayi mawu a alangizi adapherezera: mwanapiye wachitatu adadwala m'khola latsopano lija, ndipo ngakhale adampatula msanga, adafa patapita masiku awiri. Amalume adapukusa mutu, koma mtsikanayo sadataye mtima.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, pamene ankaika kambale ka dzira ndi phala, mwanapiye wachiwiri uja adatambasula khosi najompha kamodzi, kenaka kawiri. M'mawa mwake adadya theka la chakudyacho. Pang'ono ndi pang'ono zitosi zake zidasiya kukhala zachikasu, mapiko adabwerera m'malo mwake, ndipo adayamba kulira akamva mapazi a mtsikanayo. Komabe sadambwezere msanga kwa anzake. Adamsunga payekha masabata ena awiri monga adalangizira alangizi.

Mwa anapiye asanu ndi awiri aja, asanu adakula. M'mwezi wa Disembala, Khirisimasi itayandikira, agogo adagulitsa nkhukundembo zitatu. Ndalama zake zidakwanira yunifolomu ndipo zidathandiza pogula feteleza, ngakhale kuti sizidafike pamene agogo ankayembekezera poyamba. Misoti iwiri adaisunga kuti ikhale mbewu.

Tsiku lina mayi wina wa m'mudzi momwemo adafika pakhomopo atanyamula nkhukundembo yolendewera mapiko. Agogo adampatsa mpando naitana mdzukulu wawo. Mtsikanayo adagwada, nayang'anitsitsa mbalameyo, kenaka adafunsa mwaulemu, "Amayi, kodi nkhukundembo zanu zimagona pamodzi ndi nkhuku?"

MAWU OFUNIKA KUDZIWA

Thadzi: mbalame yaikazi yoweta imene idayamba kale kuikira mazira.
Msoti: mbalame yaikazi imene sidayambe kuikira.
Kufungatira: kukhalira mazira kuti afunde mpaka aswe.
Kupatula: kuchotsa chinthu pakati pa zinzake ndi kuchiika pachokha.
Kunyankhalala: kuimirira kwa nthenga kapena tsitsi mosalongosoka.
Katemera: mankhwala operekedwa kwa munthu kapena chiweto chisanadwale kuti atetezedwe ku nthenda.
Kupherezera: kuchitika monga momwe zidanenedwera.

MAFUNSO

Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino.

1. Kodi anthu amene adayamba kuweta nkhukundembo adali a dziko liti?
2. Kodi thadzi la nkhukundembo limafungatira mazira masiku angati? Nanga nkhuku?
3. Tchulani zizindikiro zinayi zimene mtsikana adaona pa mwanapiye wodwala.
4. Chifukwa chiyani mtsikanayo sadatsanulire madzi kukamwa kwa mwanapiye?
5. Kodi alangizi adaona chiyani atatumbula mwanapiye wakufa?
6. Fotokozani m'mene kachilombo kamachokera kwa nkhuku mpaka kukafika m'thupi la nkhukundembo.
7. Chifukwa chiyani mwanapiye wachitatu adadwala ngakhale adali m'khola latsopano?
8. Kodi chikadachitika nchiyani mtsikanayo akadangodikira kuti dzuwa lituluke monga adanenera agogo ake?
9. Kodi ana ayenera kuchita chiyani mbalame zambiri zikafa mwadzidzidzi?

MIYAMBI

Perekani tanthauzo la mwambi uliwonse, ndipo mufotokoze chifukwa chimene udanenedwera m'nkhaniyi.

1. Safunsa adadya phula.
2. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

GALAMALA

A. Lembani mayina awa mosonyeza zinthu zambiri. Chitsanzo: dzira, mazira.

1. khola
2. phiko
3. chitosi
4. mwanapiye
5. dengu
6. thadzi

B. Tsekani mzere kunsi kwa mneni m'chiganizo chilichonse.

1. Mtsikana adasesa m'kanyumba.
2. Alangizi adavala magolovesi.
3. Nyongolotsi zimameza mazira.
4. Amalume adadula nsungwi.

C. Mawu akuti "ndwii" ndi "lende" ndi mvekero. Lembani ziganizo ziwiri zanu, chilichonse chokhala ndi mvekero mmodzi mwa ameneŵa.

ZOCHITA

1. Kwa sabata imodzi, m'mawa uliwonse yang'anitsitsani mbalame zoweta za kwanu kapena za mnansi wanu pamene zikutuluka m'khola. Lembani m'kope mwanu m'mene zikuyendera, m'mene zikudyera ndi mtundu wa zitosi zake. Musakhudze mbalame yodwala kapena yakufa popanda munthu wamkulu, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukachoka kukhola.
2. Jambulani khola lam'mwamba loyenera nkhukundembo, ndipo mulembe mayina a zigawo zake.
3. Lembani kalata yaifupi kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, yowapempha kuti adzalankhule ku kalasi yanu za matenda a nkhuku ndi nkhukundembo.